Wophunzira Masamu Aime pa Bolodi Kuti Afunsidwe

Mawu akuti "semina" ngodziwika bwino m'maofesi, koma ambiri akawamva aganiza za ulendo wa kunyanja ndi chakudya cha ku hotela. Kwa anyamata ndi asungwana amene ali kuphunzira masamu apamwamba, atatsiriza kale digiri yoyamba, mawuwa ali ndi tanthauzo lina, ndipo ena a iwo sagona tulo tsiku lawo likayandikira. Semina ya masamu ndi msonkhano wa mlungu ndi mlungu, m'chipinda cha bolodi ndi choko, m'mene munthu mmodzi aima kwa ola limodzi nafotokoza zimene wapeza pa kufufuza kwake, pamaso pa aphunzitsi ake ndi anzake. Malipiro ake ndi mafunso basi.

Alipo anthu a mtima wachifundo amene anena kuti wophunzira asaimikidwe pa bwalo lotere kufikira ntchito yake itatha ndi kupsa bwino, kuopa kumchititsa manyazi. Chifundo chotere chimpweteka wophunzirayo. Pakuti umboni wa m'masamu uli ngati unyolo: mphete imodzi ikaduka, katundu yense agwa pansi, angakhale mphete zina zonse zikhale zachitsulo cholimba. Tsono mwini wake ndiye womaliza kuona mphete yodukayo, chifukwa waiwerenga kambirimbiri, ndipo maso ake azolowera kuidumpha.

Izi zinamgwera ngakhale katswiri wamkulu. Mu June 1993, Andrew Wiles anakamba masiku atatu ku Cambridge, nalengeza kuti wamasula funso la Fermat, limene linasautsa akatswiri zaka zoposa 350. Anali atagwira ntchitoyo zaka 7, pafupifupi yekhayekha. Patangopita miyezi yowerengeka, mnzake Nick Katz, amene anali kuwerenga zolembazo ndi kufunsa mzere ndi mzere, anafunsa funso limodzi limene linasowa yankho. Bowolo linatsekedwa mu September 1994, Wiles atathandizana ndi Richard Taylor, amene kale anali wophunzira wake, ndipo ntchitoyo inasindikizidwa mu 1995. Ngati munthu wa msinkhu wotere anafunikira womfunsa, nanga mwana wa chaka choyamba?

Amene afuna kuona mwambo umenewu pa mphamvu yake yonse ayang'ane ku Moscow. Israel Gelfand, amene anabadwa mu 1913 pafupi ndi Odessa, sanatsirize sukulu ya sekondale, komabe ali ndi zaka 19 analandiridwa kukhala wophunzira wa Andrei Kolmogorov. Mu 1943, nkhondo ili mkati, anayambitsa semina yake, ndipo inakumana Lolemba madzulo kwa zaka zoposa 40. Nthawi yotsirizira sinali kudziwika. Amene anali kupitako asimba kuti kawirikawiri chimene chinali kuwabalalitsa ndi mayi wosesa, pofuna kutseka zitseko usiku. Wokamba sanali kuloledwa kuyenda mtunda wautali osaimitsidwa. Gelfand anali kumdula mawu, kumuuza kuti apereke chitsanzo chapafupi, ndipo nthawi zina anali kulanda choko namaliza yekha nkhani ya mwini wake.

Chizolowezi chake chimodzi nchoyenera kuti mphunzitsi aliyense achilingalire. Iye anali kusankha womvera mmodzi, kawirikawiri wophunzira wamng'ono, ndipo pakati pa nkhani anali kumuitana kuti abwereze zimene zanenedwa. Womverayo akalephera, Gelfand anali kuona kuti nkhaniyo sinamveke, ndipo inali kufotokozedwanso. Apa ndiye pagona nkhani. Wophunzira akakonzekera semina yake yoyamba, mtima wake umnyenga kuti aonetse zonse zimene adziwa, adzaze mabolodi ndi zizindikiro, kuti akulu azizwe. Atero, ndipo pakutha pa mphindi 10 m'chipindamo mwatsala anthu awiri omtsata, iye mwini ndi mphunzitsi wake. Enawo akhala chete mwaulemu, ndipo iye atuluka ali wokondwa kuti palibe anamtsutsa, osadziwa kuti ola lake lapita pachabe, pakuti munthu amene sanamve sangapeze cholakwa.

Nzoona kuti Gelfand anali ndi lilime lakuthwa, ndipo alipo amene anatuluka m'chipinda chake ali ndi mabala a mumtima. Nkhanza zimenezo siziyenera kutengedwa. Ku Paris, Henri Cartan anayendetsa semina yake kuyambira 1948 kufikira 1964 ndi mwambo wina, wolemba nkhani iliyonse mosamala kuti ena akawerenge, ndipo m'menemo anakuliramo Jean-Pierre Serre, amene analandira mphotho ya Fields mu 1954 ali ndi zaka 27. Njira zinali ziwiri, koma konseko wachinyamata anali kuima pamaso pa akulu ntchito yake ikali yaiwisi.

Kodi tsono wophunzira achite chiyani ndi ola lake? Ayambe ndi funso lenileni, alinene m'mawu amene mnzake wa nthambi ina ya masamu angamve. Alekanitse poyera zimene anapeza ena ndi zimene wapeza iye, pakuti kusakaniza ziwirizi ndi kuba, kungakhale kuchitike mosadziwa. Asankhe chitsanzo chimodzi chaching'ono nachiyendetse kufikira pa mapeto. Ndipo pamene pali pomkayikitsa apaloze yekha ndi chala, asapabise pansi pa mawu akuti "izi nzoonekeratu". Akafunsidwa chimene sadziwa, avomere kuti sadziwa, nalembe funsolo m'kope lake. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pa semina mnansi ndiye uja wokweza dzanja.

Nkhaniyi ikhudzanso aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi a maphunziro kuno. Ana a dziko lino amene apita kukachita digiri yachiwiri kapena yachitatu, kaya ku Zomba, kaya kunja, apitako ataleredwa kuti kubwezera mawu munthu wamkulu nkupanda mwambo. Ulemuwo ngwabwino pa malo ake. Koma wophunzira amene pulofesa akamtsutsa angoweramitsa mutu navomera, pamene iye ndiye ali kulondola, walakwira masamu ndi pulofesa yemwe. Amene alandira malipoti a ophunzira otumizidwa ndi ndalama za Boma angachite bwino kufunsa, pamodzi ndi za mayeso, kuti wophunzirayo waima kangati pa semina chaka chimenecho.

Ndipo chizolowezicho chiyambira m'munsi. M'makalasi ambiri mwana aitanidwa ku bolodi monga chilango cha kulongolola. Mphunzitsi wa sekondale angathe kupatula mphindi 15 pa mlungu, kuti mwana mmodzi afotokoze chifukwa chake ngodya zitatu za thirayango zikaphatikizidwa zikwana madigiri 180, anzake namufunse mpaka atakhutira, mphunzitsiyo atakhala kumbuyo pa benchi, choko chili m'manja mwa mwanayo.