ZIMBABWE: Chikonga cha fodya wamuwisi chikudwalitsa antchito a m'mapulazi

HARARE: Mu 2025 alimi a ku Zimbabwe anagulitsa fodya woposa makilogalamu 300 miliyoni, ndipo wambiri anachokera m'zigawo zitatu za Mashonaland, m'madera monga Karoi, Mvurwi ndi Marondera. Ena mwa othyola fodyayu ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito m'mapulazi. Iwo amalandira chikonga m'thupi ngakhale asanasutepo ndudu.

Chikonga ndi poizoni amene mbewu ya fodya imadzitetezera naye ku tizilombo. Chimasungunuka m'madzi, motero tsamba lonyowa ndi mame kapena mvula likakhudza khungu, chimalowerera mpaka m'magazi. Chikafika mmenemo chimachititsa thupi kutulutsa timadzi ta adrenaline: mitsempha ya magazi imafinyika, mtima umagunda mofulumira ndipo magazi amathamanga kwambiri. Patapita maola ochepa munthu amamva nseru, chizungulire ndi litsipa, kenako amasanza. Zizindikirozi n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo, amenenso amavuta m'nyengo yomweyo ya dzinja.

Chikonga chimakhudzanso chitetezo cha m'thupi. Mu 2003 gulu la Kevin Tracey ku America linasonyeza kuti maselo ena oyera a m'magazi, amene amameza tizilombo toyambitsa matenda, ali ndi malo amene chikonga chimamatirira. Chikatero, maselowo amachepetsa kutulutsa timadzi toitana anzawo kudzalimbana ndi matenda. Zimenezi n'zodetsa nkhawa m'dziko limene chifuwa chachikulu ndi HIV zidakali zofala.

Mu 2018 bungwe la Human Rights Watch linafalitsa lipoti lochokera m'zigawo za Mashonaland ndi Manicaland. Linapeza kuti akuluakulu ndi ana omwe ankadwala motere, koma ambiri anali asanauzidwepo za vutoli. Ku Malawi, bungwe la Plan linanena mu 2009 kuti mwana wogwira ntchito m'munda wa fodya angathe kulandira chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku.

Njira zopewera n'zodziwika: magolovesi, zovala zosalowa madzi, kudikira kuti mame akamuke, kusintha malaya onyowa ndi kusamba ndi sopo. Chovuta ndi mwini wolipira. Fodya wambiri wa ku Zimbabwe amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani amene amakongoza alimi feteleza ndi mankhwala. Makampaniwo ndiwo ali ndi mphamvu yoonetsetsa kuti zovala zodzitetezera zikufika kwa waganyu wothyola tsambalo.