Kompyuta yayamba kuwerenga zifuwa zathu, nanga zotsatira zipita kwa yani?

Kale kujambulitsa chifuwa unali ulendo weniweni. Wantchito wa m'minda ya mphesa ku De Doorns ankayamba wapempha tsiku kwa kapitawo, kenako n'kulipira teksi mpaka ku Worcester, ndipo malipiro a tsikulo ankangopita. Ambiri tinkangoti ndi chimfine, chitha chokha. Lero muno mu South Africa makina a X-ray ayamba kuyenda pagalimoto m'madera ena, ndipo alipo ena aang'ono oti munthu n'kuwabereka kumsana. Chachilendo n'chakuti chithunzicho chikuwerengedwa ndi kompyuta, imene akuitchula kuti AI.

Mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti mapulogalamu otere azigwiritsidwa ntchito pofufuza chifuwa chachikulu mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Ena mwa iwo ndi CAD4TB ya ku Netherlands ndi qXR ya ku India. Munthu ukaima pamakina, pasanathe mphindi zingapo kompyuta imapereka nambala. Nambalayo ikakwera, amakupempha makhololo kuti akawayeze pa makina a GeneXpert. Apa timvetsetsane abale: kompyuta imangoloza amene akufunika kuyezedwa. Chotsimikiza kuti munthu ali ndi TB ndi makhololo aja.

Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu. Kafukufuku wa boma wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu amene anapezeka ndi TB muno, oposa theka sankamva chizindikiro chilichonse. Chinawaulula ndi chithunzi. Taganizirani mmene timagonera nthawi yokolola, anthu ambiri m'chipinda chimodzi, mawindo otseka. Munthu mmodzi wooneka wathanzi akhoza kupatsira nyumba yonse, ana omwe. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo TB wamba amachira pa miyezi isanu ndi umodzi. Vuto lakhala kuwapeza odwalawo msanga.

Kodi ndiye kuti madokotala owerenga zithunzi ntchito yawathera? Mu 2016 katswiri wa makompyuta Geoffrey Hinton ananena kuti asiye kuwaphunzitsa chifukwa makina awapitirira posachedwa. Zaka zadutsa, madokotalawo akadali pantchito, ndipo kumidzi akusowabe. Chipsera cha TB yakale chimakweza nambala ngakhale munthu anachira. Chimodzimodzi fumbi la m'migodi ya golide limene linawononga mapapo a makolo athu a pa Wenela. Mtima wotupa kapena chotupa cha khansa zimafuna diso la dokotala, komanso munthu woti akhale nawe pansi n'kukufotokozera. Tikuona kuti kutsogoloku kompyuta izisefa zithunzi zambirimbiri, dokotala n'kumalimbana ndi zovuta zija. Chimene tikuopa n'chakuti olemera azionedwa ndi dokotala, ife a m'mafamu n'kumangopatsidwa nambala basi.

Mantha ena ndi a ntchito. Amalawi sitinaiwale kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu athu ambiri anabwezedwa kuchoka m'migodi pa mkangano wa kuyeza HIV. Galimoto yojambula ikaima pakhomo pa bwana, wa kontirakiti ya miyezi itatu amadzifunsa ngati chaka chamawa adzamulembenso. Lamulo lili kumbali yathu. Gawo 14 la National Health Act limati za matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Gawo 7 la Employment Equity Act limaletsa bwana kuyezetsa wantchito popanda chifukwa chovomerezeka. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ngakhale a Operation Dudula akhala akutsekereza alendo pazipata za makiliniki.

Ndiye galimoto ikabwera tisathawire m'munda. Tikajambulitse, koma tifunse, paja safunsa anadya phula. Zotsatira azipereke m'manja mwa mwiniwake, osati kwa kapitawo kapena kwa wotilemba ntchito. Ola lojambulitsa lisadulidwe pamalipiro. Galimoto ibwere kumayambiriro kwa nyengo yokolola, chifukwa ikabwera kumapeto anthu amakhala atasamukira ku malalanje zotsatira za makhololo zisanatuluke. Amene wayamba mankhwala atenge kalata ya kukiliniki posamuka, kaya akupita famu ina kaya akubwerera kumudzi. Ndipo ngati nambala yakwera koma makhololo alibe kanthu, chifuwa chikupitirirabe, tiumirire kuti chithunzicho achione dokotala.

Izi tizikambirane m'makomiti athu nyengo yokolola isanayambe, kuti podzakumana ndi eni mafamu ndi a zaumoyo tidzalankhule chimodzi.