Galimoto Zamagetsi pa Chipata cha Songwe: Batire Liyesedwe Lisanalowe

Galimoto zambiri zimene Amalawi amagula ndi zogwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo zochuluka za izo zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe, m'boma la Karonga. Tsopano maiko opanga galimoto atembenukira ku zoyendera magetsi. Zimene eni ake adzatope nazo zidzabwera kuno, ndipo anthu a ku Karonga ndiwo adzayambe kuziona.

Moyo wa galimoto yotere uli m'batire. Batire ndilo chiwalo chake cha mtengo wapatali koposa, ndipo likakalamba silimera imvi. Wogula galimoto ya petulo amamvetsera kulira kwa injini ndi kuyang'ana utsi. Wogula yamagetsi alibe chomvetsera. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mdani wamkulu wa batire la lithium ndi kutentha, ndipo amene anagwirako ntchito ku Karonga m'mwezi wa Okutobala alidziwa dzuwa la m'mbali mwa nyanja. Galimoto ya Nissan Leaf, imene inatuluka mu 2010, inalibe madzi oziziritsa batire, ndipo mu 2012 eni ake ku Arizona, dera lotentha la ku America, anadandaula kuti mabatire awo akufooka msanga. Galimoto yonga imeneyo, itatumikira zaka zambiri kwina, ndiyo imene mphunzitsi wa ku Chilumba kapena kalaliki wa pa Boma angaigule ndi ndalama za ngongole.

Apa ndipo pamene nzeru za makina, zimene ambiri amazitcha AI, zikhoza kumuteteza. M'batire la galimoto muli kakompyuta koyesa kutentha ndi kuchuluka kwa magetsi olowa ndi otuluka. Makina ophunzitsidwa ndi mbiri za mabatire ambiri amawerenga manambala amenewa, nanena moyo umene batire latsala nawo, nachenjezanso pamene kachigawo kena kayamba kutentha mosayenera. Mu 2019 akatswiri a ku Stanford, MIT ndi Toyota anaonetsa kuti makina otere, ataona batire litatchajidwa ndi kutha maulendo 100 oyamba, akhoza kulosera utali wa moyo wake molakwitsa ndi magawo osafika 10 pa 100.

Ena adzati nkhaniyi yafulumira, pakuti magetsi sanafike m'midzi yambiri. Nzoona. Koma mafuta amene amadutsa pa msewu wa M1 timawagula ndi ndalama zakunja zimene dziko limazipeza movutikira, pamene mtsinje wa Wovwe m'boma lomweli umapanga magetsi athuathu. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, njinga zamoto zamagetsi za kampani ya Ampersand zinayamba kunyamula anthu mu 2019, ndipo woyendetsa amangosiya batire lotha natenga lodzaza. Akabaza athu sadzatsalira nthawi yaitali. Lamulo labwino limaikidwa katundu asanadzaze msika.

Chifukwa chake tikupempha a Malawi Bureau of Standards ndi a Malawi Revenue Authority kuti aganizire mfundo iyi: galimoto yamagetsi isadutse pa Songwe popanda kalata yosonyeza moyo wa batire lake, ndipo manambala a m'kalatamo achokere m'kakompyuta ka batirelo, osati m'kamwa mwa wogulitsa. Wogulanso akhale ndi ufulu woona manambalawo nthawi iliyonse.

Koma makina sangatithandize ngati palibe Mmalawi wodziwa kuwerenga zimene anena. Inu aphunzitsi, makamaka a sayansi ndi a m'sukulu za ntchito zamanja, yambani kuphunzitsa ana za batire ndi kutentha. Inunso antchito a Boma ogula galimoto za m'maofesi, funsani za moyo wa batire musanafunse za mtengo, pakuti ndalama zimene mudzalipire ndi za msonkho wa anthu.