Jinja Sachiza Malungo

Chiperoni chikayamba kuno ku Mulanje, m'nyumba zambiri mumanunkhira tiyi wa jinja. Muzu umenewu asing'anga a ku China akhala akuchizira chimfine ndi mseru kwa zaka pafupifupi 2,000, ndipo Qur'an ikuutchula kuti zanjabil mu Surat Al-Insan, ndime 17.

Koma mwezi wathawu mwana wina wa kumadrasa kwathu adagona masiku atatu, thupi lili moto, akungomwetsedwa jinja. Kuchipatala adakampeza ndi malungo. Alhamdulillah, adachira.

Makolo, jinja amachepetsadi mseru, koma sapha tizirombo ta malungo. Mwana akatentha thupi, kamuyezetseni magazi tsiku lomwelo. Tiyiyo adzamwa pobwera.