INJINI SIILODZEDWA, TIMAIPHA TOKHA

Anyamata a kunyanja, lero ndiyankhula, wokwiya akwiye. Injini ikangokana kulira, mawu oyamba pagombe ndi akuti "andilodza". Ndalama ya sing'anga imapezeka, ya pulagi yatsopano ayi. Ine ntchito yanga ndi yokonza injini za maboti, ndatsegula ma Yamaha Enduro ambirimbiri, koma chithumwa sindinachipezemo olo chimodzi. Ndimapezamo madzi, mchenga ndi piston yopsa.

Injini ya two-stroke, kaya ya boti kaya chainsaw ya Stihl kapena Husqvarna, imafuna zinthu zitatu basi: moto, mafuta ndi mpweya. Musanaloze munthu chala, yang'anani izi.

MOTO. Masulani pulagi. Ikakhala yakuda ndi yonyowa, mafuta kapena oilo wachuluka. Ikayera ngati phulusa, injini ikutentha kwambiri. Yabwino imakhala yofiirira.

MAFUTA. Apa ndi pomwe timaphera injini zambiri. Buku la injini yanu likati 50:1, ndiye kuti oilo 100 ml mu malita 5 a petulo, 400 ml mu chigubu cha malita 20. Zoyeza ndi maso zisiyeni. Wa boti gulani wolembedwa TC-W3, chainsaw ili ndi wakewake, ndipo oilo wotsala m'galimoto asayandikire n'komwe. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, akakhalitsa amakoka madzi. Thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mudikire. Ngati muli madzi, akhala pansi.

MPWEYA. Sefa ya chainsaw imatsekeka ndi utuchi, itsukeni. Pa boti, kabowo ka mpweya pa chivundikiro cha thanki kakatsekeka, injini imalira pang'ono n'kuzima. Kumasula kokha, yadzuka.

Chinanso, injini ya boti ikasiya kukodza, zimitsani pompo. Mwina kabowo katsekeka ndi mchenga, mwina impeller yatha. Mukakakamira, mupsereza zonse. Koma ma sikuluwu a H ndi L pa kabuleta ya chainsaw, ngati simukuwadziwa, asiyeni. Pamenepo itanani makaniko.

Ena muti oilo ndi wodula. Zoona, koma funsani mtengo wa piston ndi crankshaft. Ndiye ganizirani injini itazima usiku pakati pa nyanja, mwera ukuwomba, m'boti muli ana a eni. Ena muti ndikufuna makasitomala. Aise, ndikukuuzani zinthu zondichepetsera ntchito ine ndemwe.

Chimandiwawa kwambiri ndi ichi: mwini boti waumira oilo, injini yafa, mlandu ukugwera agogo osalakwa kumudzi, oti pulagi sakuidziwa n'komwe. Amatukwanidwa, ena mpaka kumenyedwa, chifukwa cha ulesi wathu. Manyazi amenewo ndi athu, anyamata.

Gulani sipanala ya pulagi, pulagi yapadera ndi kabotolo koyezera oilo, zizikhala m'boti nthawi zonse. Tumizani uthengawu kwa mnzanu amene akukonzeka kulowa m'madzi madzulo ano.