Kodi mphunzitsi mmodzi angaunike ana 100?

Teremu ikatha, funso loyamba la makolo ambiri limakhala lakuti: "Wakhala nambala chani?" Komatu ndondomeko ya maphunziro a pulayimale idasiya kale kudalira mayeso a kumapeto kwa teremu okha.

Kuchokera mu 2007, pomwe sukulu zidayamba kutsata silabasi ya PCAR yomwe idakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mphunzitsi akuyenera kuunika mwana tsiku ndi tsiku: kagwiridwe ka pensulo, katchulidwe ka maliwu, kawerengedwe ka timiyala. Zomwe waona azilembe, ndipo wotsalira amuthandize msanga.

Cholinga chake n'chomveka. Mwana wa Sitandade 1 sangaonetse zonse zomwe akudziwa papepala la mayeso. Vuto likadziwika teremu yoyamba limakonzeka; likadikira July, mwana amabwereza kalasi.

Chopinga ndi kuchuluka kwa ana. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, makalasi oyambirira ndiwo amadzaza kwambiri. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi aliyense, koma m'sukulu zambiri Sitandade 1 imapitirira 100. Kupatsa aliyense mphindi ziwiri zokha n'kutha maola oposa atatu. Zikatero, kuunika kumasanduka kudzaza mafomu basi, ndipo mwana wachete wa kumbuyo saonedwa.

Kuti njirayi ipindule, Unduna wa Zamaphunziro uziyamba watumiza aphunzitsi atsopano ku Sitandade 1 ndi 2. Nawonso makolo asinthe funso, azifunsa mphunzitsi zomwe mwana akutha ndi pomwe akukanika.