Mbali ya Namwino: Kuimba limodzi wina ali kuno wina ali kumudzi

Mwezi uno ndiyambe ndapumako pa nkhani za BP ndi shuga. Ana athu angapo amene akuphunzira za makompyuta m'mayunivesite a kuno ku Britain akukambirana zopanga pulogalamu ya pa intaneti yoti oimba a kuno ndi a kumudzi azipangira nyimbo limodzi. Ganizoli ndalikonda. Ine si katswiri wa makompyuta, koma ndaimba alito m'kwaya kwa zaka zambiri, choncho mundilole ndiponyepo mawu anga ntchito isanapite patali.

Ambiri akangomva nkhaniyi amaganiza za woimba gitala ali ku Blantyre, wa ng'oma ali ku Johannesburg, wa mawu ali ku Leeds, onse akuimba nthawi imodzi. Ana anga, pamenepa musatayepo nthawi. Mukukumbuka mu 2020, matchalitchi atatsekedwa chifukwa cha Covid, mmene zinkakhalira tikayesa kuimba nyimbo ya chitsitsimutso pa Zoom. Wina ali pa kolasi, wina akadali pa ndime yoyamba. Ambiri ankadzudzula netiweki, koma vutoli ndi lozama kuposa pamenepo.

Oimba amayamba kusokonezeka mawu a mnzawo akamachedwa kufika ndi mamilisekondi oposa 25 kapena 30. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Mumpweya mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye kuchedwa kumeneku n'chimodzimodzi kuimba ndi munthu amene waima mamita 10 kuchokera pamene muli. Tsono uthenga wa pa intaneti umayenda m'mawaya a fibre pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Kuchoka ku London kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 8,000. Werengani nokha: mamilisekondi 40 atha kale, ngakhale waya wake ukanakhala wowongoka ngati chingwe choyanikapo zovala. Ndipo suwongoka. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho mawaya amayamba ayenda pansi pa nyanja mpaka ku madoko ngati Dar es Salaam kapena Maputo, kenako n'kudutsa pamtunda. Palibe wophunzira, kaya wanzeru bwanji, amene angachititse kuwala kuthamanga kuposa apa.

Mapulogalamu oimbira nthawi imodzi alipo kale, monga Jamulus yomwe anayambitsa Volker Fischer wa ku Germany ndi JackTrip yochokera ku yunivesite ya Stanford. Amathandiza ndithu ngati wina ali ku Manchester wina ku Birmingham, bola kompyuta ikhale yolumikizidwa ndi waya osati Wi-Fi, ndipo mahedifoni asakhale a Bluetooth chifukwa amenewo amawonjezera kuchedwa.

Njira yotithandiza ife ndi yoimba mosinthana: wina ajambule mbali yake lero, wina adzawonjezere yake mawa. Si zachilendo ayi. Chimbale cha Give Up cha gulu la The Postal Service, chomwe chinatuluka mu 2003, chinapangidwa ndi Ben Gibbard ali ku Seattle ndi Jimmy Tamborello ali ku Los Angeles, akumatumizirana ma CD. Mu 2010 Eric Whitacre anaphatikiza mawu a oimba 185 a m'mayiko 12, aliyense atadzijambula yekha kunyumba kwake akuyang'ana vidiyo ya iye akutsogolera. Masiku ano pulogalamu ya BandLab, ya kampani ya ku Singapore, imalola anthu kuchita zomwezi pa foni kwaulere. Mwina mufunsa kuti nanga yathu ndi ya chiyani poti zina zilipo kale? Funso limeneli muliyankhe musanalembe chilichonse.

Yankho langa likuchokera ku wodi. Ife anamwino timasamalira wodwala mmodzi anthu ambiri amene mwina sitionana n'komwe. Wa usiku akamaweruka, wa masana akulowa. Chimene chimapulumutsa wodwala ndi handover yolembedwa bwino: wamwa mankhwala ati, nthawi yanji, wamupatsa ndani, chatsala n'chiyani. Nyimbo yopangidwa mosinthana ili ngati wodwala ameneyu. Woimba akatsegula pulogalamu apeze zonse pamalo amodzi: nyimbo ili mu kiyi yanji, liwiro lake ndi lotani, amene wajambula kale ndani, mbali yomwe ikudikira ndi iti, ndipo mwa zojambula zitatu za besi, yovomerezeka ndi iti. Panopa makwaya athu amachita zimenezi pa WhatsApp, pomwe tenala ya m'bale wina imasowa pakati pa mauthenga a maliro, zithunzi za ukwati ndi moni wa m'mawa. Komanso mawu ojambulira pa WhatsApp amafinyidwa kuti fayilo ichepe, ndipo kukoma kwina kumatayika.

Kenako muganizire mnzathu wa kumudzi, osati inu amene muli ndi intaneti ya ku yunivesite. Fayilo ya WAV ya mulingo wa CD imadya mamegabayiti pafupifupi 10 pa mphindi iliyonse, pamene MP3 wamba imadya imodzi yokha. Nyimbo ya mphindi 5 yokhala ndi mbali 8 ikhoza kumaliza bandulo ya munthu tsiku limodzi. Bwanji osakonza zoti amvetsere kaye fayilo yopepuka, n'kutumiza mbali yake yokhayo ili yolemera? Magetsi akazima kapena netiweki ikaduka, kutumizako kuzipitirira pamene kunalekera. Ajambule ngakhale alibe intaneti. Ndipo zonsezi zitheke pa foni ya Android yotchipa, poti si onse ali ndi laputopu. Zomulipira zifike pa Airtel Money kapena Mpamba.

Pa nkhani ya ndalama pomwepa ndi pamene zibwenzi zimathera. Nyimbo ikadali yatsopano aliyense amati ndi ya Mulungu, koma ikangoyamba kumveka pa wailesi eni ake amachuluka. Pulogalamu yanu isalole nyimbo kutuluka onse asanavomereze kuti wopeka mawu ndani, wopeka maimbidwe ndani, ndipo aliyense gawo lake ndi lotani. Kumudzi za umwini wa nyimbo amayang'anira a COSOMA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Kuno kuli PRS for Music, ku South Africa kuli SAMRO. Woimba wa ku Mzimba amene sanakwereko ndege asapezeke kuti dzina lake latsala chifukwa wolembetsa nyimbo anali wa kunja kuno.

Poti ndine namwino, sindingatseke osanenapo za makutu. Ntchito yonseyi imachitika mahedifoni ali kumutu. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamvetsere phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, koma likafika pa 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha. Tinthu ta m'kati mwa khutu tothandiza kumva tikawonongeka sitimeranso. Ikanimo kachenjezo koti munthu akakhalitsa pa voliyumu yokwera kazimuuza kuti apumuleko. Ndipo inu oimba, ngati makutu akumalira mukavula mahedifoni, pitani kwa GP wanu mukapemphe kuti akuyezeni.